Chitsime cha Mafuta Pansi pa Nyanja: Obowola Amapezamo Chiyani?

Ku Kasenengwa kulibe munthu wamkulu amene sanaonepo galimoto yobowola mjigo. Imafika m'chilimwe misewu itauma, ana akuithamangira m'mbuyo. Akatswiri amakhala atayendapo kale ndi zingwe ndi zipangizo zawo zoyezera, n'kukhoma chikhomo kuti pobowola ndi apa. Makina amalira tsiku lonse, fumbi loyera la mwala lili tolotolo. Mwayi ukakhalapo, pa mamita 40 kapena 50 fumbi lija limasanduka matope, madzi n'kutumphuka, amayi n'kuyamba nthungululu. Tsiku lina amafika mamita 70 likutuluka fumbi lokhalokha, ndipo amazula mapaipi awo n'kumapita, ndalama zitathera m'dzenje. Palinso mjigo wachitatu umene umapweteka mtima kuposa wouma: madzi alimo ndithu, koma mukatunga ndowa ziwiri aphwa, kapena ndi ofiira ndi dzimbiri moti sangamweke.

Amene akuidziwa mijigo itatuyi wayamba kale kumvetsa ntchito yofufuza mafuta pansi pa nyanja. Kusiyana kwake ndi kukula kwa zinthu. Kumeneko dzenje limatsika makilomita anayi kapena asanu, makina amaima pamwamba pa madzi akuya, ndipo chitsime chimodzi chikhoza kudya madola 100 miliyoni. Koma funso limene eni ndalama amadikira ndi lomwe lija limene mudzi umadikira: chatuluka n'chiyani, n'chochuluka bwanji, ndipo kodi chikuyenda?

Mafuta sakhala m'dziwe

Anthu ambiri amaganiza kuti pansi pa nthaka pali dziwe lalikulu la mafuta limene limangodikira paipi. Sizili choncho. Mafuta amakhala m'kati mwa mwala, m'timipata ting'onoting'ono ta pakati pa timchenga timene tinamatana n'kupanga mwalawo. Mutaugwira m'manja mwala wotere, mungaone kuti ndi wolimba, wakuda pang'ono, wonunkha dizilo.

Chiyambi chake ndi tizomera ndi tizilombo ta m'madzi tosaoneka ndi maso. Tikafa timamira n'kusakanikirana ndi matope a pansi. Mitsinje imathira mchenga ndi matope ena pamwamba pake chaka ndi chaka, kwa zaka mamiliyoni ambiri, mpaka matope oyamba aja atakwiririka pansi kwambiri. Pansi pa dziko n'potentha: mukatsika kilomita imodzi, kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30. Zotsalira za tizilombo tija zikakhala nthawi yaitali pa madigiri a pakati pa 60 ndi 120, zimasanduka mafuta. Kukatentha kuposa pamenepo zimasanduka gasi. Zikapitirira kwambiri zimangopserera, osasiya kanthu kogulitsa.

Mafuta akapangika sakhala pomwepo. Ndi opepuka kuposa madzi, choncho amakwera pang'onopang'ono kudzera m'timipata ta miyala. Akapanda kupeza chowatchinga amafika pamwamba n'kutayika. Kuti asonkhane pamodzi pafunika mwala wa mchenga wokhala ndi mipata yowasunga, ndipo pamwamba pake pakhale mwala wina wa dongo kapena wa mchere wosalola kanthu kudutsa. Miyalayi ikhalenso itapindika kapena kuthyoka mwa njira yoti mafuta akalowa asapeze potulukira m'mbali. Akatswiri amati umenewo ndi msampha. Ndipo msamphawo ukhale utapangika mafuta asanayambe ulendo wawo wokwera, apo ayi amadutsa pamalopo kusanatsekedwe. Chimodzi mwa zonsezi chikasowa, chitsime chimatuluka chouma, ngakhale zina zonse zikhalepo.

N'chifukwa chake palibe kampani imene idzabwere kudzafuna mafuta m'mapiri ozungulira Chipata. Mwala wa pa Kanjala ndi wa m'minda ya ku Kasenengwa ndi wakale kwambiri, wolimba, umene unaphikidwa ndi kutentha kwa pansi pa dziko kalekale. Madzi amapezeka m'ming'alu yake, koma mafuta ayi. Zinthu zimasintha mukatsika ndi msewu wa ku Mfuwe kulowa m'chigwa cha Luangwa. Kumeneko nthaka inang'ambika n'kutitimira, ndipo chigwacho chinadzaza ndi miyala ya mchenga ndi ya matope yosanjikizana, yochindikala makilomita angapo, imene akatswiri amaitcha Karoo. M'miyala imeneyi ndi mmene asayansi amafukulamo mafupa a nyama zimene zinakhalako zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo. Malo otere ndi amene amakopa ofufuza mafuta.

Zitsime ziwiri za m'chigwa cha Luangwa

Achinyamata ambiri a ku Chigawo cha Kum'mawa sadziwa kuti kwawo konkuno kunabowoledwapo zitsime zofufuza mafuta. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, m'nthawi ya Pulezidenti Kenneth Kaunda, kampani ya ku America yotchedwa Placid Oil inayeza chigwa cha Luangwa n'kubowola zitsime ziwiri, Luangwa-1 ndi Chama-1. Zonse ziwiri sizinatulutse mafuta. Akatswiri ena amene anawerenga zolemba za zitsimezo pambuyo pake amati obowolawo analeka asanafike pa miyala ya pansi kwambiri imene inkayembekezeka kwenikweni. Kampani ya Mobil nayo inayeza chigwa cha Zambezi m'nyengo yomweyo, koma sinapeze chifukwa chokwanira chokhalira.

Mu 2006 Pulezidenti Levy Mwanawasa analengeza kuti dothi lotengedwa ku Chavuma, Zambezi ndi Kabompo laonetsa zizindikiro za mafuta ndi gasi. Dziko linasangalala. Mu 2008 kunabwera lamulo latsopano la kufufuza ndi kukumba mafuta, dziko linagawidwa m'zigawo zopatsa makampani, ndipo mu 2017 kampani ya Tullow Oil inayeza kumpoto kwa dziko ndi ndege. Koma zizindikiro za m'dothi la pamwamba si mafuta, ndipo ndege siibowola. Dizilo yense amene amayendetsa chigayo ku Kasenengwa ndi wochokera kunja: wina amadzera m'paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 1968, ndipo wina amabwera pa malole a mathanki.

Zambia ilibe nyanja yamchere. Kuti tione zimene zimachitika chitsime chikabowoledwa pansi pa madzi akuya, tiyenera kuyang'ana kwa anansi athu a ku Mozambique.

Kumvetsera miyala, kenako kubowola

M'mphepete mwa nyanja zamchere ndi mmene mitsinje ikuluikulu yakhala ikutayira mchenga ndi matope kuyambira kalekale. Mtsinje wa Rovuma, umene uli malire a Mozambique ndi Tanzania, unasanja miyala yochindikala kwambiri pansi pa nyanja ya Indian. Vuto ndi lakuti palibe amene angaione ndi maso.

Choyamba chimabwera ndi sitima yoyeza. Imakoka zingwe zazitali makilomita angapo zokhala ndi timakina tomvera phokoso. Kumbuyo kwake kumakhala mifuti ya mpweya imene imaphulika m'madzi pakapita masekondi ochepa alionse. Phokosolo limalowa pansi, limagunda miyala yosiyanasiyana n'kubwerera, ndipo kompyuta imawerengera nthawi imene latenga n'kujambula chithunzi cha mmene miyala yagonera. Njira imeneyi dzina lake ndi seismic. Asodzi saikonda, ndipo ali ndi chifukwa, popeza phokosolo limasokoneza nsomba ndi anamgumi. Chithunzicho chimasonyeza pamene pali msampha, nthawi zina n'kupereka chikayikiro chakuti muli gasi. Koma sichinganene motsimikiza chimene chili m'katimo. Zimenezo amanena ndi mano a chobowolera basi.

M'madzi akuya amagwiritsa ntchito sitima yobowolera, yokhala ndi nsanja yaitali pakati ndi chibowo pansi pake. Siimangiriridwa pansi. Imaima pamalo amodzi ndi mphamvu ya mapulopela oyendetsedwa ndi kompyuta, amene amalimbana ndi mphepo ndi mafunde usana ndi usiku. Kubwereka sitima yotere kumadya madola mazana angapo a masauzande pa tsiku, ndipo chitsime chimodzi chimatenga mwezi umodzi, iwiri kapena kuposa.

Mapaipi amalumikizidwa imodzi ndi imodzi mpaka atafika pansi pa nyanja, kenako chobowolera chimayamba kudya mwala. M'kati mwa mapaipiwo amapoperamo matope apadera, osakanizidwa ndi mankhwala ndi ufa wa mwala wolemera. Matopewa amaziziritsa chobowolera ndi kunyamula zinyenyeswa za mwala kupita nazo pamwamba, koma ntchito yake yaikulu ndi kupondereza. Pansi kwambiri mafuta ndi gasi zimakhala zopanikizika koopsa, ndipo zikapeza mpata zimathamangira m'mwamba. Kulemera kwa matope ndi kumene kumazibweza. Akatsika gawo lina, amalowetsa paipi yachitsulo yotakata n'kuimata ndi simenti kuti makoma asagumuke, kenako amapitiriza ndi chobowolera chocheperako. Pakamwa pa chitsime, pansi pa nyanja, pamakhala chotsekera chachitsulo cholemera matani mazana angapo, chokhala ndi mipeni yotha kudula paipi ndi kutseka chitsimecho zinthu zikavuta.

Mmene amawerengera zotsatira

M'mafilimu mafuta amatumphuka m'mwamba anthu n'kumavina atadetsedwa. Pa sitima yeniyeni zimenezo ndi ngozi, osati chikondwerero. Zotsatira zimabwera mwakachetechete, pang'onopang'ono.

Oyamba kudziwa ndi akatswiri a miyala amene amasefa matope obwerera. Amatsuka zinyenyeswa, amaziika pansi pa galasi lokuza zinthu, kenako pansi pa nyale yapadera imene imawalitsa mafuta. Makina ena amanunkhiza gasi m'matopewo. Zimene amapeza pamenepa ndi zizindikiro chabe. Zitsime zambirimbiri padziko zinaonetsa zizindikiro koma osapereka ngakhale mgolo umodzi wogulitsa.

Akafika pamene amafuna, amatsitsa zipangizo zoyezera pa chingwe. China chimayeza mmene mwala ukulolera magetsi kudutsa: madzi amchere amalola magetsi mosavuta, pamene mafuta ndi gasi zimakana. China chimayeza kuchuluka kwa mipata ya m'mwala. China chimayamwa timadzi ta m'mwalamo n'kutisunga m'botolo lachitsulo. Nthawi zina amadula mwala wautali wobulungira n'kuutulutsa wathunthu kuti ukapimidwe. Pa zonsezi amapeza nambala imene makampani amakonda kulengeza: kuchindikala kwa mwala umene ulidi ndi mafuta kapena gasi, ataphatikiza zigawo zabwino zokhazokha n'kusiya zadongo ndi zamadzi.

Muyeso wotsiriza, umene si zitsime zonse zimafikapo chifukwa ndi wodula, ndi kutsegula chitsime kwa masiku ochepa kuti aone mmene chikuyendera. Zotulukazo amaziwotcha pa mkono wautali wotuluka m'mbali mwa sitima. Amayeza kuchuluka kwake pa tsiku, ndiponso ngati mphamvu yake ikugwa msanga. Ikagwa msanga ndiye kuti nkhokwe ya pansiyo ndi yaing'ono. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti akamaliza zonsezi, kawirikawiri chitsime chofufuzira amachitseka ndi simenti n'kuchisiya, ngakhale chimene chapeza chuma. Ntchito yake inali kuyankha funso. Zopopera zimabowoledwa zina, patapita zaka.

Chaka chimodzi, sitima imodzi, mayankho osiyana

Chitsanzo chabwino cha zonsezi chinachitika mu 2010 kufupi ndi gombe la Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Kampani ya ku America ya Anadarko inabweretsa sitima yotchedwa Belford Dolphin kuti ibowole zitsime zingapo motsatizana.

Choyamba chinali Windjammer, m'madzi akuya pafupifupi kilomita imodzi ndi theka. Mu February 2010 kampaniyo inalengeza kuti yapeza mwala wa mchenga wodzaza gasi wochindikala mamita oposa 140. Kufikira nthawi imeneyo makampani akuluakulu sankaiwerengera nyanja ya kum'mawa kwa Africa. Chitsime chimenechi chinasintha maganizo awo.

Chachiwiri, Collier, sichinafike n'komwe pamene ankafuna. Atayandikira mwala umene ankauyembekezera, anapeza kuti kupanikizika kwa pansi kwakwera moti kupitiriza kukanaika miyoyo pachiswe. Anathira simenti n'kuchoka. Chitsime chotere sichinganenedwe kuti n'chouma, chifukwa funso silinayankhidwe, koma ndalama zinapita.

Chachitatu, Ironclad, ndicho chophunzitsa kwambiri. Chinapeza mafuta enieni, chinthu chimene aliyense ankachilakalaka, chifukwa mafuta amagulitsika mosavuta kuposa gasi. Mwala wonyowa ndi mafuta ndi gasi unali wochindikala mamita pafupifupi 38. Koma mwalawo unali wothinana, timipata take tochepa ndi tosalumikizana bwino, moti mafutawo sakanayenda kulowa m'chitsime pa liwiro lopindulitsa. Mpaka lero ali pomwepo.

Chaka chisanathe, zitsime za Barquentine ndi Lagosta zinapezanso gasi wochuluka. Mu October 2011 kampani ya ku Italy ya Eni, imene inali ndi chigawo choyandikana, inabowola Mamba South n'kupeza mamita 212 a mwala wa gasi, ndipo mu 2012 inapeza malo ena otchedwa Coral. Pofika apo zinadziwika kuti Mozambique ili m'gulu la mayiko a gasi wochuluka kwambiri mu Africa.

Kupeza si kupopa

Chitsime chimodzi ndi kabowo kotakata ngati mbale pakati pa malo a makilomita ambirimbiri. Sichingauze munthu kuti nkhokweyo ikuthera pati. Choncho pamafunika zitsime zina zoyeza kukula kwake, chilichonse chodula ngati choyamba chija. Pambuyo pake pamabwera masamu a ndalama, ndipo pamenepa ndi pamene nkhani zambiri zosangalatsa zimafera.

Pali nambala ziwiri zimene andale amakonda kuzisokoneza. Ina ndi mafuta onse amene ali m'mwala, ina ndi amene angathe kutulutsidwa. Ku Uganda, kumene mafuta anapezeka m'mphepete mwa nyanja ya Albert mu 2006, m'nthaka muli migolo pafupifupi 6.5 biliyoni, koma imene akuyembekeza kutulutsa ndi pafupifupi 1.4 biliyoni. Mgolo wa m'malonda a mafuta ndi wa malita 159, wocheperako poyerekeza ndi dilamu limene timasungiramo madzi. Mafuta a ku Ugandawo ndi a phula, amaundana akazizira, moti paipi ya makilomita 1,443 yopita ku gombe la Tanga ku Tanzania iyenera kumatenthetsedwa njira yonse.

Achibale athu amene amagwira ntchito ku Joni akukumbukira chisangalalo cha mu February 2019, pamene kampani ya Total inapeza gasi pa chitsime cha Brulpadda, m'nyanja ya kumwera kwa Mossel Bay ku South Africa. Pulezidenti Cyril Ramaphosa anachitamanda m'nyumba ya malamulo sabata yomweyo. Mu 2020 chitsime cha Luiperd chinapezanso wina. Koma mu July 2024 kampaniyo inachokako, ikunena kuti kumutulutsa gasiyo ndi kumugulitsa mopindula n'kovuta kwambiri. Ku Namibia, Shell inapeza mafuta pa chitsime cha Graff kumayambiriro kwa 2022 n'kubowola zina zingapo, koma mu January 2025 inavomereza kuti madola pafupifupi 400 miliyoni awerengedwe ngati otayika, chifukwa mwalawo sukulola mafuta kuyenda bwino ndipo ali ndi gasi wambiri. Makampani ena akupitiriza m'nyanja yomweyo, monga TotalEnergies (Total yomwe ija) pa malo otchedwa Venus, m'madzi akuya makilomita atatu.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, nthawi ndi yaitali. Gasi wa ku Pande, pamtunda m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, anapezeka mu 1961, koma anayamba kugulitsidwa mochuluka mu 2004, itamangidwa paipi yopita ku Secunda ku South Africa. Wa ku Coral anadikira zaka khumi. Gasi sanganyamulidwe m'thanki wamba. Ayenera kuziziritsidwa kufika madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke madzimadzi, ndipo akatero amachepa ka 600. Fakitale yochitira zimenezi inamangidwa ku South Korea ngati sitima yaikulu ya mamita 432, n'kukokedwa kudzaimikidwa panyanja. Dzina lake ndi Coral Sul, ndipo imatha kupanga matani 3.4 miliyoni pa chaka. Katundu woyamba anachoka mu November 2022, ndipo yense anagulidwiratu ndi kampani ya BP kuti akagulitsidwe kunja.

Zotsatira zimene sizilembedwa m'lipoti la obowola

Pali mtundu wina wa zotsatira umene suyezedwa ndi mamita. M'malingaliro anga ndi umene anthu wamba ayenera kuuyang'anitsitsa kuposa wina uliwonse.

Gasi atangolengezedwa, akuluakulu ena a boma la Mozambique anayamba kudya ndalama zimene zinali zisanabwere. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola madola pafupifupi 2 biliyoni, boma likuikira chikole popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Zitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya metical inagwa, ndipo mitengo ya zinthu inakwera mpaka m'misika ya ku Angónia ndi ku Tete, kwa anthu amene nyanja yamchere sanaionepo. Yemwe anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa m'khoti la ku New York mu 2024.

Ku Cabo Delgado komweko, mabanja a alimi ndi asodzi a ku Afungi anasamutsidwa kupita ku mudzi watsopano wa Quitunda kuti pamalo pawo pamangidwe fakitale ya madola 20 biliyoni. Nkhondo ya zigawenga inayamba ku Mocímboa da Praia mu October 2017. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo sikungakhale kulondola kunena kuti gasi yekha ndiye anaibweretsa, koma achinyamata osowa ntchito amene ankaona chuma chikudutsa pakhomo pawo sanali ovuta kuwakopa. Mu March 2021 zigawengazo zinalowa m'tauni ya Palma n'kupha anthu ambiri. Total, imene inagula gawo la Anadarko mu 2019, inachotsa antchito ake, ndipo ntchitoyo inaima kwa zaka zoposa zinayi.

Palinso ngozi ya chitsime chenichenicho. Pa 20 April 2010, miyezi iwiri yokha chilengezere Windjammer, chitsime chofufuzira cha BP chotchedwa Macondo, ku Gulf of Mexico, chinaphulika. Chinali chitapeza mafuta, ndipo antchito anali m'kati mochitseka kuti achoke. Simenti ya pansi sinagwire, gasi anakwera, chotsekera chachikulu chija chinalephera, ndipo nsanja ya Deepwater Horizon inayaka n'kumira. Anthu 11 anafa. Mafuta anatayikira m'nyanja kwa masiku 87, migolo yoposa 3 miliyoni, ndipo BP inalipira madola oposa 60 biliyoni. Zimenezi zinachitika ku America, kumene sitima zothandiza, akatswiri ndi ndalama zinali pafupi.

Nanga Nyanja ya Malawi?

Madzi akuya amene ali pafupi kwambiri ndi Chipata ndi Nyanja ya Malawi, yaitali makilomita pafupifupi 580 ndi yakuya mamita 700 pamalo ena. Nayo ili m'chigwa chong'ambika, ndipo pansi pake pali matope ndi mchenga zochindikala makilomita angapo. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Duke University anaiyeza ndi njira ya phokoso ija. Mafuta atapezeka ku nyanja ya Albert, imene inabadwa mwa njira yofanana, maso anatembenukira kuno.

Boma la Malawi linagawa dziko m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Mu 2011, m'nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum inapatsidwa zigawo ziwiri za kumpoto kwa nyanja, ndipo zina zinapita kwa SacOil, RAK Gas ndi Pacific Oil. Chotsatira choyamba sichinali mafuta koma mkangano. Mu 2012 Tanzania inati malire ali pakati pa nyanja ndipo kufufuzako kuime, pamene Malawi inaumirira pa pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, limene limaika malire pagombe la kum'mawa. Amkhalapakati otsogozedwa ndi Joaquim Chissano anayesa, koma zokambiranazo zinaima mu 2014 popanda chigamulo. Chaka chomwecho boma la Peter Mutharika linaimitsa zilolezo zonse kuti liunike mmene zinaperekedwera, n'kudzazimasula mu 2016. Pa zaka zonsezi palibe chitsime chofufuza mafuta chimene chinabowoledwa m'nyanjayi. Aliyense wonena kuchuluka kwa migolo imene ili pansi pake akungolota.

Nyanjayi inabowoledwapo kamodzi, koma ndi anthu ofuna zina. Mu 2005 asayansi otsogozedwa ndi Christopher Scholz wa ku Syracuse University anamanga makina obowolera pa bwato lonyamula mafuta lotchedwa Viphya. Anaima pa madzi akuya mamita 592 n'kutulutsa matope kufika mamita 380 pansi pa nyanja. Ankafuna mbiri ya mvula. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa zimene zinaphwetsa nyanjayi ndi mamita mazana angapo. Ntchitoyo inasonyeza kuti kubowola pamenepa n'kotheka, komanso kuti n'kovuta: chipangizo chilichonse chiyenera kubwera pamtunda n'kulumikizidwa pagombe, popeza sitima ya kunyanja yamchere singathe kufikako.

Chimene chimadetsa nkhawa asodzi ndi oteteza chilengedwe n'chomveka. Nyanjayi ili ndi mtsinje umodzi wokha wotulutsa madzi, Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, kusiya m'mbuyo chilichonse chimene chinathiridwamo. Ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo mbali yake ya kumwera inalembedwa ndi UNESCO mu 1984 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Mafuta atatayikamo, vuto silingathere ku Karonga kapena ku Nkhata Bay. Lingafike mpaka pa mbale ya usipa umene umadutsa pa Mwami kubwera m'misika ya ku Chipata.

Mukamva pa wailesi kuti tapeza mafuta

Nkhani yotere idzabweranso, kaya yochokera ku Luangwa, ku Karonga kapena ku gombe la Mozambique. Mukaimva, yambani mwafunsa ngati chitsime chabowoledwa, kapena angoyeza ndi ndege ndi kutenga dothi. Ngati chabowoledwa, funsani ngati apeza zizindikiro chabe kapena mwala wodzaza, ndipo ngati anachitsegula n'kuona chikuyenda. Mverani bwino ngati nambala imene akutchula ndi ya mafuta onse a m'mwala kapena ya amene angatuluke. Kenako funsani kuti pangano la boma ndi kampani lili kuti, ndani analiwerenga, ndipo boma layamba kale kukongola ndalama podalira chumacho kapena ayi.

Musafulumirenso kuganiza kuti mtengo wa pa pampu utsika. Mafuta otuluka pansi sangathiridwe m'njinga yamoto kapena m'chigayo asanayengedwe, ndipo mtengo wake umatsata msika wa dziko lonse. Dziko la Angola, limene tili nalo malire, lakhala likupopa migolo yoposa miliyoni imodzi pa tsiku, yambiri kuchokera pansi pa nyanja, koma petulo ndi dizilo wochuluka amene anthu ake amagwiritsa ntchito limachita kugula kunja.